Mwavi wa M'chitokosi

Kalekale, m'mudzi mukagwa maliro osadziŵika mutu wake, anthu n'kuyamba kulozana zala, akuluakulu ankatuma mthenga kukaitana mapondera. Munthu ameneyu ankabwera ndi khungwa la mtengo wa mwavi, n'kulisinja, n'kulisungunula m'madzi, ndipo onse oganiziridwa ufiti ankamwa pamaso pa khamu. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, abale ake n'kululutira mokondwa. Wolephera kusanza ankafa, ndipo imfa yakeyo ndiyo inkakhala umboni wakuti adalidi mfiti. Mlandu unkathera pomwepo. Padalibe wofunsa ngati khungwalo lidachuluka m'chikho cha uyu n'kuchepa m'chikho cha uyo, ngati womwayo adali nkhalamba yofooka kale m'thupi, kapena ngati mapondera adalandirako nkhuku kumbali usiku wa dzulo lake. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri osalakwa ankapempha okha kuti amwe, pokhulupirira ndi mtima wonse kuti mwavi sunama.

Boma la atsamunda lidaletsa mwavi mu 1911, pamene lidakhazikitsa lamulo lokhudza za ufiti m'dziko la Nyasaland. Lero mwana wasukulu akamva za mwambo umenewu amagwira pakamwa, osamvetsa kuti anthu anzeru zawo ankafuna bwanji choonadi m'mimba mwa munthu. Komatu maganizo amene adabala mwavi sadafe mu 1911. Maganizowo ndi akuti thupi la munthu likapanikizidwa mokwanira limatulutsa choonadi. Iwo adangosamuka pabwalo la mfumu, pamene anthu onse ankaona, n'kukaloŵa m'kachipinda kotseka ka kupolisi, m'mene mulibe mboni ina koma makoma. M'malo mwa chikho mudadza chibonga, chikwanje chomenyera chafulati, unyolo womangitsa kwambiri, ludzu, kusagona ndiponso nyesi yamagetsi.

Kunena zoona, ululu suyesa kulakwa kwa munthu. Chimene umayesa ndi kulimba kwa thupi lake. Mbava yozoloŵera, imene yaloŵa ndi kutuluka m'chitokosi kangapo, imadziŵa kuti ikaluma mano mpaka m'maŵa omenyawo atopa. Koma mnyamata wogulitsa mandasi, amene wangogwidwa chifukwa adapezeka pafupi ndi golosale yothyoledwa, sadziŵa kuti zimenezi zitha liti. Iye amangofuna chinthu chimodzi basi, ndicho chakuti ululu uleke. Akafunsidwa ngati adaba, avomera. Akafunsidwa za anzake amene adali nawo, atchula maina amene abwera msanga m'mutu: msuweni wake, mnzake wa ku mpira, kapena munthu amene adakangana naye chaka chatha. Paja khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Otchulidwawo akagwidwa, nawonso amatchula ena, ndipo pofika kumapeto kwa mlungu buku la apolisi ladzaza ndi maina pamene wakuba weniweni ali phee kumsika kugulitsa katundu uja.

Amalaŵi safunika kuphunzira zimenezi m'mabuku a maiko akutali ayi. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, malamulo a chitetezo cha dziko ankalola boma kusunga munthu m'ndende popanda kumzenga mlandu, ndiponso popanda kumuuza tsiku lodzatuluka. Maina a Mikuyu kufupi ndi Zomba, Dzaleka ku Dowa ndi Nsanje ankatchulidwa monong'ona. Ku Dzaleka kudatsekeredwa a Mboni za Yehova ambirimbiri, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967. Ku Mikuyu kudatsekeredwa aphunzitsi, atolankhani, ogwira ntchito m'boma ndi andale. Mmodzi mwa iwo adali mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, amene adagwidwa mu Seputembala 1987 n'kutulutsidwa mu Meyi 1991 osaonekera m'khothi ndi tsiku limodzi lomwe. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa ndi apolisi n'kukapezeka atafa ku Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padapita zaka zoposa 10 kuti bungwe lofufuza, lokhazikitsidwa mu 1994, linene poyera kuti anthuwo adachita kuphedwa.

Nkhani ya Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera ndiyo imaonetsa bwino kuipa kwa nthaŵi imeneyo, chifukwa onse aŵiri adali akatswiri a malamulo. Orton adali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party ndiponso nduna ya zachilungamo dziko litangolandira ufulu. Vera ndiye mayi woyamba wa ku Malaŵi kukhala loya. Aŵiriŵa adagwidwa pa 24 Disembala 1981, ndipo mlandu wawo woukira boma udazengedwa m'khothi la makolo, m'mene loya sankaloledwa kuimira munthu. Mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe, koma maiko akunja atadandaula kwambiri chilangocho chidasinthidwa mu 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Ku ndende ya Zomba adawatsekera kosiyana, osaonana zaka zambiri ngakhale adali mumpanda umodzi, ndipo Orton adakhala nthaŵi yaitali atamangidwa maunyolo m'miyendo. Iye adamwalira m'ndendemo mu Okutobala 1992. Vera adatuluka mu Januwale 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11. Munthu amene adathandiza kumanga nyumba ya malamulo a dziko adafera kunja kwake, mvula ikumuvumbwa.

Choncho pamene mphepo idasintha, kuyambira pa kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 Malichi 1992, kudzera pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mpaka pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, olemba Malamulo Aakulu atsopano adalemba ndi zipsera zili m'maso. Gawo 19 lidanena kuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo munthu aliyense asazunzidwe mwa mtundu wina uliwonse kapena kuchitidwa nkhanza zomunyazitsa. Gawo 42 lidapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chinenero chimene amamva, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ufulu wofikitsidwa kukhothi pasanathe maola 48, ndiponso ufulu wosaumirizidwa kuvomera mlandu. Ndipo kuletsa kuzunzako kudaikidwa m'gulu la maufulu amene boma silingawaimitse ngakhale pa nthaŵi ya nkhondo kapena chipwirikiti. Mu Juni 1996 dziko la Malaŵi lidaloŵanso m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu, limene maiko adagwirizana mu 1984. Papepala, mpanda udamangidwa wautali ndithu.

Koma mpanda umayesedwa ndi mbuzi, osati ndi maso. Chimene chidatha mu 1994 ndi kuzunza anthu otchuka chifukwa cha ndale. Mphunzitsi wa kuyunivesite kapena phungu akamangidwa masiku ano, wailesi imalengeza dzuŵa lisanaloŵe, ndipo maloya amafika papolisi mayi ake asanamve n'komwe. Amene adatsala panja ndi munthu wamba, woganiziridwa kuba mbuzi, njinga kapena lamya ya m'manja, amene sadziŵa kuti kuli gawo 42, ndipo ngakhale atalidziŵa alibe womuimira.

Aliyense amene adakhalapo pabenchi la papolisi m'maŵa amachidziŵa chithunzi cha mayi wobwera ndi kambale ka nsima komanga m'nsalu. Mayiyo wayenda mtunda wautali, ndipo akafika pakauntala amagwada pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani bwana, ndabweretsa chakudya cha mwana wanga, adamutenga dzana." Amauzidwa kuti alaŵe kaye chakudyacho, ndipo amalaŵa. Mwanayo akatulutsidwa kuti alandire mbale, mayi amaona kuti akuyenda mokoka mwendo ndipo diso limodzi latupa. Amafunsa monong'ona kuti, "Nanga mwendowo watani, mwanawe?" Mnyamata amayang'ana wapolisi amene waima pambali, n'kuyankha kuti, "Ndinagwa, amayi." Mayi sawonjezera funso lina. Amadziŵa kuti akakweza mawu, iye apita kunyumba koma mwana wake atsala momwemo usiku winanso. Amathokoza bwanayo, n'kunyamula nsalu yake. Mayi wotereyu sadaŵerengepo Malamulo Aakulu, komabe ndiye amene angafotokoze bwino koposa woweruza aliyense kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa gawo 19 ndi chitseko cha chitokosi.

Kodi n'chifukwa chiyani lamulo lomveka chotere lidalephera kuloŵa pachitseko chimenechi? Ena amati vuto ndi mtima woipa wa apolisi ena. Mitima yoipa iliko, monga iliri pa ntchito ina iliyonse, koma yankho limeneli ndi laulesi. Munthu sapitiriza chizoloŵezi chimene sichimpindulira. Wapolisi amamenya chifukwa kumenyako kumabala pepala losainidwa, ndipo pepalalo limagwira ntchito kukhothi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limene dziko lidalitenga kuchokera m'zaka za chipani chimodzi, mudalembedwa gawo 176. Gawoli lidalola kuti mawu ovomera mlandu alandiridwe ngati umboni ngakhale woimbidwa mlanduyo atadandaula kuti sadawanene mwa kufuna kwake. Chimene lidafuna kwa woweruza ndi kukhutira kuti mawuwo adanenadi munthuyo, ndiponso kuti zimene akunenazo ndi zoona. Poyamba zimenezi zimamveka zanzeru, pakuti ndani angadane ndi choonadi? Koma munthu akaganiza mofatsa aona msampha wake. Funso lakuti mawuwo adapezedwa bwanji lakankhidwira kumbuyo, ndipo patsogolo paikidwa funso lakuti kodi akumveka oona. Tsono wolemba sitetimenti ndi yemwe uja wafufuza mlanduwo. Iye akudziŵa kale kuti zenera lothyoledwa lidali la kumbuyo, kuti mbuzi idali yamaŵanga, kuti mpeni udapezeka m'chimanga. Akaika zimenezi m'kamwa mwa munthu womenyedwa, sitetimentiyo imagwirizana ndi umboni wina wonse ngati chivundikiro ndi mphika wake. Woweruza akaiŵerenga amaona ngati choonadi chatsimikizika kaŵiri, chikhalirecho chachokera m'mutu umodzi.

Motero Malamulo Aakulu adatseka khomo lakumaso, koma gawo 176 lidasiya lakuseri lili pululu. Oweruza ena a khothi lalikulu adaona kusagwirizana kumeneku ndipo adakunena m'zigamulo zawo, koma gawolo lidakhalabe m'buku. Chonsecho pangano la 1984 lija lidanena mosapsatira, mu gawo 15, kuti mawu alionse opezedwa mwa kuzunza munthu asagwiritsidwe ntchito ngati umboni, kupatula pozenga mlandu wozunzayo. Nzeru ya lamulo limeneli si yakuti woimbidwa mlandu aliyense ndi woyera ayi. Nzeru yake ndi yakuti khothi likakana kugula katundu wotere, wogulitsa amaleka yekha kumupanga. Wapolisi akadziŵa kuti chibonga chimodzi chokha chingagwetse mlandu umene wauvutikira mwezi wathunthu, dzanja lake limayamba kulemera.

Mpata wachiŵiri ndi wa dzina. Pangano lomwelo, mu gawo 4, lidalamula dziko lililonse kuti liike kuzunza m'malamulo ake ngati mlandu paokha, wokhala ndi chilango cholingana ndi kukula kwake. Pamene komiti ya United Nations yoona za panganoli idakhala pansi ku Geneva mu Novembala 2022 kumva lipoti loyamba la Malaŵi, patapita zaka 26 chiloŵereni m'panganolo, idadandaula kuti m'malamulo a milandu a dziko lino mudalibe mlandu wotchedwa kuzunza, ndipo idadandaulanso za gawo 176. Wina angafunse kuti, nanga dzina lili ndi ntchito yanji, popeza mlandu womenya ndi wovulaza munthu ulipo kale? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Anthu aŵiri akamenyana pamoŵa, aliyense ali ndi manja ake, angathe kubwezera kapena kuthaŵa, ndipo pali anthu oleretsa. Koma womangidwa wachita kulandidwa manja ndi boma lenilenilo. Sangathaŵe, sangabwezere, ndipo amene akadathamangirako kukadandaula ndi yemweyo akum'menya. Kuika zinthu ziŵirizi m'thumba limodzi kuli ngati kunena kuti mbusa wodya nkhosa ndi fisi wodya nkhosa alakwa mofanana. Komanso lamulo la kumenya wamba limagwira dzanja lokha limene lidagwira chibonga. Silifika msanga kwa mkulu amene adalamula kuti, "Ameneyu pofika maŵa akhale atayankhula," n'kupita kwawo kukagona. Pangano la 1984 lidatseka njira imeneyi ponena kuti lamulo la bwana silingakhale chodzikanira. Maiko ena a mu Africa adachitapo kale kanthu: Uganda idakhazikitsa lamulo lapadera loletsa kuzunza mu 2012, South Africa mu 2013, ndipo Kenya ndi Nigeria mu 2017.

Pali mawu ena amene sayenera kunyozedwa, chifukwa amachokera kwa anthu olira. Mlimi amene ng'ombe zake zinayi zabedwa usiku umodzi, chuma cha moyo wake wonse, safuna kumva za Geneva. Iye amati, "Mbava siulula ndi tiyi. Mukainyengerera, ng'ombe zanga ziwoloka malire." Anthu ambiri, ngakhale opemphera, amagwirizana naye mumtima. Ndipo si zachilendo kumva khamu likukuwa kuti wakuba asaperekedwe kupolisi chifukwa akatuluka maŵa, kuli bwino aotchedwe pomwepo. Wapolisi amakhala pakati pa moto uŵiri. Kumbuyo kuli bwana wofuna lipoti, kumaso kuli mudzi wokwiya, pamene iye alibe galimoto yopitira kumalo a ngozi, alibe zipangizo zotengera zidindo za zala, mwina ngakhale pepala lolembapo achita kupempha kwa wodandaula. Chibonga ndicho chida chokha chimene sichifuna mafuta.

Madandaulo ameneŵa ndi oona, koma sakufika pamene eni ake akufuna kuti afike. Mlimi uja akufuna ng'ombe zake, osati munthu wina aliyense wolira m'chitokosi. Ngati womenyedwayo ndi wosalakwa, masiku atatu amene atha pom'panikiza ndi masiku atatu amene ng'ombe zayenda. Ndipo wosalakwa akangovomera, kufufuza kumaima, chifukwa palibe amene amafunafuna chinthu chimene akuganiza kuti wachipeza kale. Dziko la Britain, ngakhale lili ndi chuma ndi zipangizo, lidaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Mu 1974 mabomba adaphulika m'nyumba ziŵiri zomweramo moŵa mumzinda wa Birmingham n'kupha anthu 21. Apolisi, ali pa moto wa anthu okwiya, adagwira amuna asanu ndi mmodzi, ndipo anayi mwa iwo adasaina mapepala ovomera. Kukhothi adanena kuti adachita kumenyedwa, koma sadamvedwe. Adakhala m'ndende zaka 16, mpaka mu 1991 pamene khothi la apilo lidafafaniza chigamulocho n'kuwamasula. Abale a anthu 21 aja adatsala m'manja muli mbee, zaka zonsezo atauzidwa kuti chilungamo chidachitika.

Nkhani zotere ndi zimene zidachititsa kuti apolisi a ku Britain ayambe kujambula mawu pofunsa woganiziridwa mlandu, ndiponso kuphunzira njira ina yofunsira, yofuna kumva zimene zidachitika m'malo mofuna kuti munthu avomere. Wofunsayo amayamba wasonkhanitsa umboni, n'kumusiya munthuyo afotokoze yekha mwatsatanetsatane, osamudula pakamwa. Pambuyo pake amamubweza pa mfundo zimene sizikugwirizana ndi zimene zapezeka. Wabodza amakodwa ndi lilime lake lomwe, pakuti bodza lalitali n'lovuta kulisenza. Akuluakulu akale pabwalo ankaidziŵa njira imeneyi. Nkhoswe yanzeru inkamusiya munthu ayankhule mpaka adzipinge yekha, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2021 akatswiri a maiko osiyanasiyana adalemba mfundo za kafunsidwe kotere, zimene zimatchedwa ndi dzina la Juan Méndez, loya wa ku Argentina amene iye mwini adazunzidwapo m'ndende za kwawo. Njira imeneyi sifuna makina odula. Imafuna maphunziro, nthaŵi, ndi bwana amene safunsa kuti "wavomera kodi?" koma "mwapeza umboni wanji?"

Tsono kulimbitsa lamulo sikutanthauza kuwonjezera mawu okoma pa gawo 19, pakuti mawu ake ndi okwana kale. Kumatanthauza kuunika maola oyamba amene munthu wangogwidwa, chifukwa nkhanza zambiri zimachitika m'maola amenewo, dzina lake lisanalembedwe paliponse ndiponso abale asanadziŵe kumene ali. Munthu akalembedwa m'buku nthaŵi yomwe wafika, m'bale wake n'kuuzidwa, dokotala kapena sing'anga wa kuchipatala n'kumuona poloŵa ndi potuluka, ndipo pofunsidwa n'kukhalapo loya kapena mthandizi wa zamalamulo, kachipinda kaja kamakhala ndi maso. Masiku ano lamya ya m'manja yotsika mtengo ingathe kujambula kufunsa konse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo munthu akanena m'khothi kuti adamenyedwa, mtolo wa umboni uyenera kukhala pa boma, kuti lionetse kuti sadamenyedwe, pakuti makiyi, buku ndi mboni zonse zidali m'manja mwa boma. Kumuuza womangidwa kuti abweretse umboni wa zimene zidachitika m'chipinda chotseka miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, mabala atapola kale, n'kumutuma kukatunga madzi ndi dengu.

Zina mwa zimenezi zidayambika, ngakhale mwa kayendedwe ka kamba. Lamulo la apolisi la 2010 lidakonza zoti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, koma bungwelo lidadikira mpaka 2020 kuti lipatsidwe mkulu wake woyamba. Mu 2009, pa mlandu umene adakasuma mkaidi Gable Masangano m'malo mwa akaidi onse, khothi lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino, pamodzi ndi kusoŵa kwa mpweya wabwino, ndi nkhanza zonyazitsa munthu, ndipo lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiŵerengero cha akaidi ndi theka. Miyeziyo idatha ndende zili zodzaza. Naye Vera Chirwa, atatuluka m'ndende, sadakhale pansi kulira. Adasankhidwa kukhala m'bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, ndipo adapatsidwa udindo woyendera ndende za m'maiko a mu Africa, kuloŵa ndi kabuku m'manja m'zipinda zonga zimene adagonamo.

Mlandu umene udaika zonsezi poyera ndi wa Buleya Lule. Mu Febuluwale 2019, pa nthaŵi imene dziko lonse lidali ndi mantha ndi mkwiyo chifukwa cha kuphedwa kwa anthu achialubino, mnyamata wachialubino wa zaka 14 adabedwa ku Dedza. Lule adali mmodzi mwa anthu amene adagwidwa poganiziridwa kuti akukhudzidwa. Ngati padali mlandu umene anthu akadati apa pokha chibonga chiloledwe, udali umenewu, pakuti moyo wa mwana udali pangozi ndipo aliyense ankafuna kudziŵa amene amatuma ndi kugula ziŵalo za anthu. Patangopita masiku ochepa, Lule adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, khothi lisanagamule ngati adali wolakwa kapena ayi. Dokotala woyeza mitembo, Charles Dzamalala, adapeza kuti munthuyo adafa ndi nyesi yamagetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission, litafufuza, lidanena kuti adazunzidwa. Ngati Lule adali wosalakwa, ndiye kuti boma lidapha munthu wosalakwa. Ngati ankadziŵa kanthu, ndiye kuti zimene ankadziŵazo, maina amene dziko lonse linkafuna kumva, adapita nazo kumanda. Mbali zonse ziŵiri, amene adaluza ndi anthu achialubino omwe aja ankati akutetezedwa.

Apolisi oganiziridwa pa imfayi adamangidwa mu 2020, ndipo mu Disembala 2024 khothi lalikulu ku Lilongwe lidapeza asanu ndi mmodzi mwa iwo olakwa pa mlandu wakupha. Padapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Chigamulochi chidatheka chifukwa padali mtembo woti dokotala auyeze, padali bungwe limene lidaumirira, padalinso atolankhani amene sadaileke nkhaniyo, ndipo mlandu wakupha uli ndi dzina ndi chilango chake m'buku la malamulo. Mnyamata uja wokoka mwendo sadafe. Iye adatuluka pa belo tsiku lachisanu, mayi ake atagulitsa nkhuku zitatu kuti apeze ya basi. Kutupa kwa diso kudaphwa pasanathe milungu iŵiri, ndipo pa tsiku la mlandu wake sitetimenti imene adasaina usiku uja idaŵerengedwa m'khothi mokweza, iye ataima m'bokosi, manja ali kumbuyo.